Miyala Yong'aluka Ngati Nkhuni

Tonse timadziwa kuwaza nkhuni. Chipika ukachimenya motsata utali wake, nkhwangwa imalowa, chipikacho n'kung'aluka pawiri. Ukachimenya chopingasa umangotopa, mwina mpini n'kuthyoka. Mtengo uli ndi njira yake.

Miyala ina nayonso ili ndi njira yake. Ukaimenya mbali ina imang'aluka bwinobwino, ukaimenya mbali ina imakana. Phunziro lathu lalero ndi la miyala imeneyi. Tiitcha miyala yamizere. Kuno ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga ili ponseponse: m'mitsinje, m'mbali mwa misewu, ndiponso pansi pa minda yathu yomweyi.

Wina anena kuti, "Ife tinalembetsa kuti tidziwe kuwerenga ndi kulima bwino. Nanga za miyalazi zalowa bwanji?" Funsolo n'labwino. Koma taganizani ntchito zimene kooperativa imagwira tikatha kukolola. Timakumba chitsime. Timamanga maziko a nyumba yosungiramo mbewu. Timatchinga zigwembe kuti madzi asatidyere munda. Ntchito zonsezi zimakumana ndi mwala. Munthu wosadziwa njira ya mwala amamanga khoma loti ligwa. Choopsa kwambiri, amalowa m'dzenje loti limugumukira.

Mabanja atatu a miyala

Anthu ophunzira za miyala amaigawa m'mabanja atatu. Banja loyamba ndi la miyala imene inali yosungunuka ngati phala lamoto, kenaka n'kuzizira. Mwala wa giranito uli m'banja limeneli. Njere zake n'zosakanizika chisawawa, ngati mpunga ndi nyemba m'mbale imodzi. Banja lachiwiri ndi la miyala yochokera ku matope ndi mchenga zimene madzi anayala pansi chaka ndi chaka mpaka zinalimba. Miyala ya ku Moatize, kumene kuli malasha, ndi yotere.

Banja lachitatu ndi la miyala yosandulika. Poyamba inali ya m'banja loyamba kapena lachiwiri. Kenaka inakwiririka pansi kwambiri, inatenthedwa, inapsinjidwa, ndipo inasanduka miyala ina. Koma sinasungunuke ayi. Inasandulika ili yolimba. Zimenezi si zachilendo kwa ife. Njerwa yaiwisi tikailowetsa mu uvuni siisungunuka, koma imatuluka ili chinthu china. Yafiira, yalimba, ndipo ngakhale uiviike m'madzi siibwereranso kukhala matope. Mbiya nayo ndi chimodzimodzi. Miyala yamizere yonse ili m'banja lachitatuli.

Moto wake unachokera kuti?

Pansi pa dziko m'potentha. Abambo amene anagwirako ntchito ku migodi ya golide ya ku Joni angatiuze bwino. Mgodi wa Mponeng, kumadzulo kwa Johannesburg, unatsika pafupifupi makilomita 4, ndipo thanthwe la pansipo limatentha kupitirira madigiri 60. Amachita kutsitsirako madzi oundana kuti anthu athe kugwira ntchito. M'malo ambiri kutentha kumakwera msanga kuposa kumeneko: madigiri pafupifupi 25 pa kilomita iliyonse imene watsika.

Tiyeni tiwerengetse pamodzi. Kuchoka mumzinda wa Tete kukafika ku Moatize ndi makilomita pafupifupi 20. Tiyerekeze kuti msewu umenewo tauimika chilili, n'kuulowetsa pansi. Tichulukitse 20 ndi 25. Yankho ndi 500. Kumapeto kwa msewuwo kukutentha madigiri 500. Kumbukirani kuti madzi amawira pa madigiri 100 okha.

Uvuni wa njerwa umaposa pamenepo, umatha kufika madigiri 900. Koma uvuni umayaka masiku owerengeka basi. Mwala wapansi umakhala pa moto wakewo zaka mamiliyoni. Miliyoni imodzi ndi 1,000 kuchulukitsa ndi 1,000. Nthawi yaitali chonchi, njere za m'mwala zimasintha pang'onopang'ono, zakale n'kutha, zatsopano n'kumera.

Koma moto wokha suika mizere m'mwala. Choika mizere ndi kupsinja.

Chikamba cha dziko lapansi n'chogawikagawika, ngati mapale a mphika wosweka. Mapale amenewa ndi aakulu zedi, ena anyamula maiko ambirimbiri. Amayenda, koma pang'ono kwambiri, masentimita owerengeka pa chaka, monga mmene chimakulira chikhadabo. Awiri akagundana, miyala ya pakati pawo imapanikizika, imapindika, ina imakankhidwira pansi, ina m'mwamba n'kukhala mapiri.

Tiyese ndi dongo

Apa tisangowerenga. Tichite ndi manja athu. Tengani dongo lofewa lokula ngati nkhonya. Dulani udzu wouma tizidutswa totalika ngati chikhadabo. Sakanizani udzuwo ndi dongo, muumbe mpira. Dulani mpirawo pakati ndi mpeni. Mukuona chiyani? Tiudzu taloza mbali zonse. Kena kaima, kena kagona, kena kapendekeka.

Tsopano umbaninso mpira uja. Uikeni pansi, muupsinje ndi thabwa mpaka ukhale waphanthiphanthi ngati chigumu. Dulaninso. Taonani: tiudzu tonse tagona mbali imodzi. Thabwa lachokera pamwamba, tiudzu tagona chopingasa. Mukayesa kung'amba dongolo ndi zala, likutseguka motsata mmene tiudzu tagonera.

Munthu wina wa ku Sheffield ku England, dzina lake Henry Clifton Sorby, anachita zotere m'zaka za m'ma 1850. Iye anasakaniza dongo ndi timamba ta dzimbiri la chitsulo, n'kupsinja. Timamba tonse tinagona mbali imodzi. Potero anasonyeza chimene chimachititsa miyala ina kung'aluka ngati masamba a buku.

M'mwala mulibe udzu. Chimene chimagona m'menemo ndi mika. Mika tonse timaidziwa, ngakhale dzina lake mwina tikulimva lero. Ndi tinthu tija timanyezimira mumchenga wa kumtsinje ndi pa mbiya yatsopano, topyapyala ngati mamba a usipa. Ilipo mika yoyera, ilipo yakuda. Matope akatenthedwa pansi paja, dongo lake limasanduka mika. Ndipo mika ikamamera pamalo opsinjika siingakule molimbana ndi mphamvuyo. Imakulira cham'mbali, monga mmene udzu umayandira pansi pa mwala umene waupsinja.

Chinanso. Ife tapsinja dongo lathu kuchokera pamwamba, tiudzu n'kugona. Koma maiko akagundana amapsinja cham'mbali. Pamenepo mika imaima chilili. N'chifukwa chake kumtsinje timapeza mizere ya thanthwe ili choimirira, kapena chopendekeka, kapenanso yopindikapindika ngati chitenje chokwinyika.

Matope amodzi, miyala inayi

Tiyambe ndi mwala wamatope, tiutsitse pansi pang'onopang'ono, tione mmene usinthire.

Pa madigiri 200 mpaka 300 umasanduka mwala wa sileti. Akuluakulu amene anaphunzirako pa sukulu zakale akukumbukira sileti yolembapo ija. Inali mwala weniweni. Ku Valongo, pafupi ndi mzinda wa Porto ku Portugal, kuli migodi ya mwala umenewu, ndipo kumeneko ankasema masileti a ana a sukulu. Njere zake n'zazing'ono zosaoneka ndi maso. Sunyezimira. Umang'aluka mosalala, mopyapyala, ndipo ukaugogoda umalira ngati mbale. Kuno kwathu kumapiri sitiupeza kawirikawiri, chifukwa miyala yathu inapsa kupitirira pamenepa.

Moto ukaonjezeka pang'ono, mika imakula pang'ono. Njere sizikuonekabe, koma mwala wayamba kuwala ngati poto wa aluminiyamu wokwechedwa ndi phulusa, ndipo nkhope yake ili ndi timakwinya. Umenewu mabuku a Chipwitikizi amautcha filito.

Pa madigiri 400 mpaka 600 tafika pa mwala umene tiyenera kuudziwa bwino. Pa Chipwitikizi amalemba xisto, pa Chingerezi schist. Ife tizitchula kuti shisito. Tiwerenge pamodzi: shi-si-to. Apa mika yakula, ikuoneka ndi maso. Mwala wonse ukunyezimira pa dzuwa ngati mamba a chambo. Ukaugwira, m'manja mumatsala nyezinyezi. Ukalowetsa nsonga ya mpeni, timamba timasendeka. Umang'aluka msanga, koma osati mosalala ngati sileti. Nkhope yake ndi ya mabampumabampu.

Shisito ali m'mitundu yambiri. Wina ndi wotuwa, wina wakuda, wina wobiriwira. Wina ndi woterera ngati sopo, woti ungamukande ndi chikhadabo. Mwa wina mumapezeka timibulu tofiirira, tolimba, tokula ngati nandolo kapena nzama, ndipo mika imachita kutizungulira. Timibulu timeneti dzina lake ndi granada. Tikatiyang'anitsitsa tili ndi nkhope zosalala, kawirikawiri 12, ngati wina anachita kusema. Palibe anasema. Tinamera choncho. Tikapeza granada tidziwe kuti mwalawo unapsa kwambiri. Shisito amapezeka ku Fíngoè m'dera la Marávia, ku Manica, ndiponso ku Lupilichi m'dera la Lago ku Niassa.

Moto ukapitirira madigiri 600, njere za m'mwala zimayamba kupatukana. Zoyera zimasonkhana pazokha, zakuda pazokha. Mwala umakhala ndi mizere yoyera ndi yakuda, ngati mbidzi. Umenewu ndiye mwala waukulu wa kuno kwathu. Pa Chipwitikizi amalemba gnaisse, pa Chingerezi gneiss. Ife tizitchula kuti ginaisi. M'mizere yoyera muli nsangalabwi, imene mabuku amati quartzo, pamodzi ndi njere zina zoyera kapena zofiirira zotchedwa feldspato. M'mizere yakuda muli mika yakuda ndi njere zina zokhala ndi chitsulo. Mizere ina ndi yopyapyala ngati ulusi, ina yokula ngati dzanja.

Ginaisi ndi wolimba. Sang'aluka mwamsanga ngati shisito. Nyundo imadumpha. Komabe njira ali nayo: ukaika tchizulo pa mzere wakuda, pomwe pali mika yambiri, amatseguka pomwepo. Oswa miyala ozolowera amayamba autembenuza mwala, n'kuuyang'ana mbali zonse, asanaumenye. Anthu oonerera amayesa ulesi, pamene iwo akufuna mzere.

Ambiri amasokoneza ginaisi ndi giranito, ndipo sitingawadzudzule, chifukwa njere zake n'zofanana. Ndiponso ginaisi wina sanachokere ku matope. Anali giranito, n'kupsinjidwa. Kuti tisiyanitse, tithire madzi pa mwalawo, tiime patali pang'ono. Ngati njere zili chisawawa, ndi giranito. Ngati zafola mizere, ndi ginaisi. Pa matanthwe ena tidzaona mizere yoyera itapindikapindika ngati mkaka wothiridwa m'phala osatakasa bwino. Pamenepo moto unafika cha m'ma 700, mwala n'kuyamba kusungunuka pang'ono. Ndiwo malire a banja lachitatu.

Si miyala yonse yosandulika imene ili ndi mizere. Bwererani ku dongo lija. Mukanathiramo mchere m'malo mwa udzu, chikanagona n'chiyani? Palibe, chifukwa njere ya mchere ndi yofanana mbali zonse. Mwala wa njereza ukapsa pansi umasanduka mármore, wonga uja amakumba ku Montepuez ku Cabo Delgado, ndipo kawirikawiri ulibe njira yong'alukira. Tikaupala ndi mpeni n'kudontheza viniga pa ufa wake, umachita thovu.

Chenjerani ndi miyalo

Pali msampha umodzi. Miyala ya m'banja lachiwiri nayonso imaoneka ngati ili ndi mizere. Amene anadutsako ku Moatize anaona m'mbali mwa msewu miyala itasanjikizana ngati mphasa zoyalidwa ina pamwamba pa inzake. Imeneyo ndi miyalo. Madzi ndiwo anayala, zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo. Siinapse ngati yathuyi.

Tingaidziwe bwanji? Mwala wamchenga ukaukwecha ndi chala kapena ndi msomali, mchenga umayoyoka, chifukwa njere zake zinangomatidwa. Mwala wamatope ukauuzira mpweya wa m'kamwa umanunkha dothi lonyowa. Nthawi zina ukaung'alula umapeza chithunzi cha tsamba la mtengo wakalekale. Mu shisito ndi mu ginaisi simungapezeke tsamba. Moto ndi kupsinja zinafafaniza zonse. Njere zake zinalowana n'kugwirana ngati zala za manja awiri.

Tikuponda pa mizu ya mapiri

Tsono funso ndi ili. Ngati ginaisi amapangika pansi pa makilomita 20 kapena kuposa, wafika bwanji pamtunda, poti khasu likumugunda m'munda?

Miyala ya ku Angónia ili ndi zaka pafupifupi 1,000 miliyoni. Zaka pafupifupi 550 miliyoni zapitazo maiko anagundana n'kupanga dziko limodzi lalikulu, limene ophunzira amalitcha Gondwana. Africa, India, Madagascar, Australia, South America ndi Antarctica zinali pamodzi. Pamalo ogundanawo panakwera mapiri aatali onga a Himalaya. Mu 1951 katswiri wa miyala Arthur Holmes anatcha mzera wa miyala yopsinjika imeneyi dzina la dziko lathu, Lamba wa Mozambique. Lambayu anadutsa ku Tanzania ndi ku Kenya mpaka ku Ethiopia. Miyala ya ku Nampula ili ndi abale ake ku Antarctica, dziko la madzi oundana, chifukwa malo awiriwa anali oyandikana asanapatukane.

Mapiri aja anatha. Mvula ndi mitsinje zinawadya pang'onopang'ono. Pamwamba pakamachoka, zapansi zimakwera, monga bwato limakwerera ukamatsitsa katundu. Potsiriza miyala imene inali pansi penipeni inafika poyera. Ndiyo tikulimapoyi.

Mwala ukawola umasanduka dothi

Dothi la m'munda mwathu ndi mwana wa mwala umene uli pansi pake. Madzi a mvula amalowa m'mizere ya ginaisi n'kumamuwoletsa. Njere za feldspato zimasanduka dongo. Njere zakuda zimatulutsa chitsulo, chitsulocho n'kuchita dzimbiri, ndiye kufiira kwa katondo kumeneko. Mika yakuda ikawola imasiya m'nthaka potaziyamu, chakudya chimene timagulanso m'thumba la feteleza. Nsangalabwi yokha siwola. Imangosweka n'kukhala mchenga, kapena timiyala toyera tija timabunthitsa khasu.

Choncho pamene pali ginaisi wakuda kwambiri, kawirikawiri dothi lake ndi lofiira, lamphamvu, losunga chinyezi. Pamene pali ginaisi woyera, wa nsangalabwi yambiri, dothi limakhala lamchenga, losachedwa kuuma, lofuna manyowa ambiri. Ndipo popeza mwalawo uli m'mizere, dothi nalo limatha kusintha m'munda umodzi womwewo. Kuno chimanga chasangalala, mapazi makumi awiri kutsogoloku chafooka, mbewu imodzi, tsiku lodzala limodzi. Tisanayambe kulozana zala kuti gulu lakuti silinapalire bwino, tikumbe pansi kaye tione mwala.

Pomanga

Lamulo lake ndi limodzi: mwala wamizere uzigona monga unang'alukira. Mizere ikhale chogona, kulemera kwa khoma kubwere pamwamba pake. Ukauimika chilili, kulemera kumalowa pakati pa mizere ngati nkhwangwa, madzi nawo amalowa momwemo, mwala n'kuyamba kusendeka. Potchinga chigwembe tichite chimodzimodzi. Miyala yaphanthiphanthi igone, ina pamwamba pa inzake molumikiza ngati njerwa, ndipo ipendekere pang'ono kumtunda kumene madzi akuchokera, kuti madzi akamakankha aziikhazika pansi.

Ginaisi ndi wabwino pa maziko, ndipo woswaswa ndi wabwino pa konkire. Shisito ayi. Akasweka amatuluka tizibenthu topyapyala, ndipo simenti siigwira bwino pa mika. Mchenga womangira nawonso tiziuyesa. Fikisani m'manja. Ngati chikhato chonse chatsala nyezinyezi, mchengawo uli ndi mika yambiri, ufooketsa konkire. Kuli bwino kuyenda ulendo wina ndi ngolo kusiyana ndi kutaya thumba la simenti limene kooperativa yagula ndi ndalama za mbatata ya kachewere.

Amayi zambiri mwa izi akuzidziwa kale. Mphero yabwino ndi ya mwala wolimba ngati giranito kapena ginaisi. Ya shisito imadyeka msanga, n'kumathira mika mu ufa. Pa mafuwa sasankha mwala wong'aluka wotola m'madzi, chifukwa madzi a m'mizere akatentha mwalawo umathetheka, zibenthu n'kuulukira mwana amene akuotha moto. Koma shisito tisamunyoze. Wa njere zazing'ono, wokhala ndi nsangalabwi yosalala mkati, ndi mwala wabwino wonolera mipeni ndi zikwakwa.

Pokumba chitsime

Apa tiwerenge mofatsa, chifukwa ndi nkhani ya moyo.

Tikamakumba pamalo a ginaisi kapena shisito, timayamba ndi dothi lapamwamba, kenaka katondo. Tikapitirira timafika pa mwala wowola. Mizere yake ikuoneka bwinobwino, koma ukaufinya m'manja umanyenyeka. Pansi pake pali mwala wolimba koma wa ming'alu. Pansi penipeni pali thanthwe logwirana. Thanthwe limeneli silisunga madzi. Madzi ali m'munsi mwa mwala wowola ndi m'ming'alu ija. Tikafika pa thanthwe lopanda ming'alu, piki ikungotulutsa moto, kupitiriza ndi kutaya mphamvu.

Choopsa ndi chakuti pamene pali madzi ndi pomwenso pamagumuka. Mwala wowola ukauma umaoneka wolimba, khoma la dzenje lili chilili. Ukanyowa, mika imaterera. Magawo ake amatsetsereka ngati mbale zopakidwa sopo. Sachenjeza.

Tsono wokumba aziyang'ana kumene mizere yapendekera. Yerekezani mabuku amene atsamira pa shelefu. Mbali ina ya dzenje mizere imatsikira kunja, kulowa m'khoma. Mbali imeneyo ndi yogwira. Mbali yoyang'anana nayo mizere imatsikira m'dzenje momwemo. Imeneyo ndiyo yakupha, chifukwa wokumba wachotsa chimene chinkaichirikiza kumunsi. Tikangofika pa mwala wowola tiyambe kumanga m'kati ndi njerwa zootcha kapena mikombero ya konkire, tisadikire kuti tithe kukumba. Dothi lotuluka m'dzenje tisaunjike pamlomo pa chitsime. Munthu asakumbe yekha: pamwamba pakhale anzake ndi chingwe. Ndipo tizikumba mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe, pamene madzi atsika kwambiri. Chitsime chokumba mu Epulo chimapeza madzi pafupi, koma chimaphwa chilimwe chisanathe.

Zomwezi zichitike posema phiri kuti timange nyumba kapena tilambule msewu wa ngolo. Ngati mizere ya thanthwe ikutsikira kumene tikusemako, tisadule chilili.

Madzi apansi amakonda kuyenda motsata mizere ndi ming'alu. Madzi oipa nawonso amatsata njira yomweyo. Chimbudzi ndi khola zikhale kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30. Ndipo ngati taona kumtsinje kuti mizere ya thanthwe yaloza chakuti, tisaike chimbudzi ndi chitsime pa mzere umodzi womwewo.

Zonyezimira

Mika yakuda ikayamba kuwola imasanduka yachikasu, n'kumawala m'madzi ngati golide. Anyamata ambiri anyengedwa nayo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Golide ndi wolemera kwambiri. Botolo la lita imodzi lodzaza madzi limalemera kilogalamu imodzi, lodzaza mika yogwirana makilogalamu pafupifupi 3, lodzaza golide makilogalamu 19. Thirani mchengawo m'mbale ya madzi, muzunguze. Mika imayandama n'kupita ndi madzi. Golide amakhala pansi, sasuntha. Kanikizani ndi singano: mika imasweka timamba, golide amangobooka kapena kuphwatalala. Mika imawala ukaitembenuzira ku dzuwa, ukaipendeketsa yazima. Golide ndi wachikasu ngakhale pamthunzi.

Timibulu ta granada natonso si rubi ayi. Tambiri ndi tong'alukang'aluka mkati, ntchito yake ndi kupangira sandipepa. N'zoona kuti miyala yosandulika ili ndi chuma. Golide wa ku Manica ndi wa ku Lupilichi amapezeka m'dera la shisito wobiriwira. Rubi anapezeka pafupi ndi Montepuez mu 2009. Mgodi wa grafite wa ku Balama unayamba kutulutsa mu 2017, ndipo grafite, mwala wakuda wofewa uja uli m'kati mwa pensulo imene mwagwirayo, aliponso m'miyala ya ku Angónia konkuno. Koma maenje a ofuna golide, okumbidwa mu shisito wowola popanda chochirikiza, akwirira anthu ambiri. Munthu asasiye munda nthawi yopalira chifukwa cha nyezinyezi wa mumtsinje. Ayambe wayesa ndi mbale ndi singano. Safunsa anadya phula.

Ntchito ya sabata ino

Tigawane m'magulu a anthu anayi kapena asanu. Gulu lililonse lipite kumtsinje kapena pa chigwembe chimene chili pafupi ndi munda wa kooperativa, pamene thanthwe lili poyera. Tengani nyundo, mpeni ndi botolo la madzi. Pomenya mwala tembenuzani nkhope, ndipo ana aime patali. Kunja kwa mwala kumanamiza chifukwa cha ndere ndi dzimbiri, choncho muziyang'ana pamene pasweka kumene.

Gonekani ndodo motsata mizere ya thanthwe. Kodi yaloza kotulukira dzuwa, kapena yapingasa? Thirani madzi pang'ono pa nkhope yong'aluka ya thanthwelo, muone kumene akutsikira. Kumeneko ndiko mizere yapendekera. Mlembi wa gulu alembe m'kope dzina la mtsinje, kumene ndodo yaloza, ndi kumene madzi atsikira. Mlembi akhale munthu amene sanalembepo pagulu.

Aliyense abwere ndi mwala umodzi wokula ngati nkhonya, pamodzi ndi dothi lodzaza dzanja la pamalo omwewo. Pa kapepala alembe yekha dzina la mwalawo monga akuganizira: sileti, filito, shisito, ginaisi kapena giranito. Tikadzakumana tidzayala miyalayo pansi, kuyambira wopsa pang'ono kufikira wopsa kwambiri. Ndipo tidzafananiza makope a magulu onse, tione ngati ndodo za kumitsinje yosiyana zaloza mbali imodzi. Gulu lokumba chitsime lidzatenge makope amenewa lisanasankhe malo.